Makona a m'kalasi oyenda ndi nyengo, kuyambira chilimwe mpaka chisanu

Chaka changa choyamba cha uphunzitsi ndinapatsidwa Sitandade 2, ana oposa 90 m'chipinda chopanda desiki ndi imodzi yomwe. Ndinali ndi changu cha munthu wongochoka kumene ku koleji. Lolemba lina ndinabwera ndi mbale yodzaza mtedza wosenda, ndikuti ana aziwerengera pa kona ya masamu. Belu la buleki lisanalire m'mbalemo munatsala mankhusu okha, ndipo aliyense amene ndinamufunsa ankangoti, "Si ine, madamu," kukamwa kukutafuna. Kuyambira tsikulo chowerengera changa ndi miyala, zitsekerero za mabotolo ndi zitsononkho, zinthu zimene mwana wanjala sangazilakelake.

Kona yophunzirira ndi kamalo m'kalasi pamene kagulu ka ana kamagwira ntchito kokha, mphunzitsi ali ndi gulu lina. Ku koleji tonse tinaimva nkhaniyi limodzi ndi TALULAR, njira yophunzitsira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwepo, imene a Malawi Institute of Education ku Domasi akhala akuilimbikitsa. Vuto n'lakuti makona ambiri amakonzedwa sabata imene PEA, mlangizi woyendera sukulu za pulayimale, akubwera, kenako amangokhala choncho mpaka fumbi litakwirira. Ana amasiya kuwaona. Chimene chimasunga kona ili yamoyo n'kusintha za pamenepo molingana ndi zimene zikuchitika panja pa windo, chifukwa nyengo iliyonse imabweretsa yokha zipangizo, zaulere, ndipo ana amazidziwa kale kuposa ife.

Yambani ndi chipinda chimene muli nacho

Imani pakhomo ana ataweruka, muyang'ane bwinobwino. Denga limadontha pati? Chiswe chimakwera khoma liti? Dzuwa la m'mawa limalowera windo liti? Mayankho amenewa ndiwo akuuzeni poika chilichonse. Mapepala ndi makadi apite ku khoma louma, zomera zipite kowala, mchenga ukhale pafupi ndi khomo kuti kusesa kusavute.

Musayambe ndi makona asanu. Yambani ndi imodzi, ana aizolowere kwa masabata awiri, kenako wonjezerani ina. Atatu kapena anayi ndi okwanira chaka chonse: kona yowerengera, ya masamu imene ingakhalenso shopu, ya chilengedwe, ndi ya luso ngati malo alipo. Makonawo sasuntha. Chimene chimasintha ndi katundu wake.

Ngati mumaphunzitsira pansi pa mtengo, kapena chipinda chanu mumasinthana ndi kalasi ina masana, kona yanu ikhale katoni kapena thumba la saka losokedwa matumba ang'onoang'ono kutsogolo kwake. M'mawa mumalipachika pa nthambi kapena pa msomali, poweruka mumalipinda n'kukalisiya ku ofesi ya ahedi. Chiyambire 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere ndipo ana anakhamukira kusukulu, zipinda sizinakwanepo, ndiye palibe chifukwa chodikira kalasi yabwino kuti muyambe.

Lembani nyengo pambali pa sikimu

Tengani pepala limodzi, muligawe patatu molingana ndi materemu. Teremu yoyamba imayamba mu Seputembala, kukutentha, n'kutha mu Disembala mvula itayamba. Yachiwiri, Januwale mpaka chakumapeto kwa Malichi kapena kumayambiriro kwa Epulo, ndi ya dzinja lenileni. Yachitatu imayamba ndi masika n'kuthera m'chisanu cha Julayi. Pansi pa teremu iliyonse lembani zimene zimapezeka kwanuko nthawi imeneyo: zipatso, mbewu, tizilombo, ntchito za kumunda, masiku a tchuthi. Ndati kwanuko, chifukwa mphunzitsi wa ku Nsanje ndi wa ku Dedza sangalembe zofanana. Wina ali ndi malambe ndi masau, wina ali ndi mbatatesi ndi mapichesi.

Mukatero tsegulani sikimu yanu, ndondomeko ija ya zimene muphunzitse m'teremu, muone mitu imene ikugwirizana ndi zimene mwalembazo. Simukuwonjezera phunziro latsopano ayi. Mukungopezera mutu uliwonse chinthu chogwirika.

Kusonkhanitsa katundu

Osonkhanitsa ndi ana. Lachisanu auzeni chinthu chimodzi chokha, ndi nambala yake: "Lolemba aliyense abwere ndi zitsekerero za mabotolo khumi." Mukangoti "mubwere ndi zinthu za kona" mudzalandira mabatire akufa ndi mafupa a nsomba. Makatoni kapempheni ku magolosale a pa msika. A Mother Group ndi a komiti ya sukulu akamvetsa cholinga amathandiza kusoka matumba ndi kuluka timikeka, koma alankhuleni kudzera kwa ahedi, zisaoneke ngati mwayamba kupemphetsa panokha. Mwana asatumidwe chinthu chogula, ndipo nthawi ya njala musatume chakudya.

Pali zinthu zimene siziyenera kulowa m'kalasi ngakhale zikhale zokongola. Njere za nsatsi n'zosalala, zamawangamawanga, zabwino kuwerengera, koma zili ndi poizoni. Mbewu ya chimanga yogula, yopakidwa mankhwala ofiira kapena obiriwira ija, isakhudzidwe ndi ana aang'ono. Mabotolo amene munali mankhwala a mbewu kapena a thonje akanidwe pakhomo pomwepo, chimodzimodzi magalasi osweka ndi zitini zakuthwa m'milomo. Chilichonse chimene chabwera chidutse kaye m'manja mwanu.

Zomatira musagule. Phikani phala lopyapyala la ufa wa chinangwa, lizizire, limamata bwino makadi pa katoni. Phikani lokwanira tsiku limodzi, chifukwa likagona limasasa n'kuitana mphemvu.

Kuti kona iziyenda inu mulibe

Apa ndi pamene ambiri timagwera, ndiye tikhalepo pang'ono. Kona ikamafuna kuti mphunzitsi aimepo n'kumafotokoza, ndiye kuti mwangosamutsira phunziro lanu pa ngodya. Ntchito ya pa kona ikhale imene mwaphunzitsa kale kwa kalasi yonse, ana akungoibwereza ndi manja awo. Kona iliyonse ikhale ndi khadi limodzi lonena chochita. Kwa Sitandade 1 ndi 2 khadilo likhale chithunzi chojambula, kwa okulirapo chiganizo chimodzi kapena ziwiri.

Gawani kalasi m'magulu okhazikika a ana asanu ndi atatu mpaka khumi, osakaniza atsikana ndi anyamata, ofulumira ndi ochedwa. Gulu lililonse likhale ndi dzina ndi mtsogoleri, ndipo utsogoleriwo uzisintha sabata iliyonse, apo ayi mudzalera kamfumu kokwapula anzake. M'kalasi ya ana 90 simungatumize onse ku makona nthawi imodzi. Magulu atatu apite ku makona, otsalawo akhale ndi inu kapena alembe ntchito ya pa bolodi, mawa asinthane. Lembani ndondomekoyo pa katoni mupachike, kuti funso lakuti "Ife lero tili kuti?" liziyankhidwa ndi khoma.

Sabata yoyamba musaphunzitse masamu kapena kuwerenga pa kona. Phunzitsani kayendedwe kokha: kudzuka, kupita, kukhala mozungulira, kutenga katundu, kubwezera. Sankhani nyimbo imodzi yaifupi yosonyeza kuti nthawi yatha, ikamatha aliyense akhale atabwerera pamalo pake. Mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu pa kona n'zokwanira. Mtsogoleri awerenge katundu poyamba ndi pomaliza, mokweza. Zitsekerero zikakhala 50 poyamba, zikhalenso 50 pomaliza, ndipo kuwerenga kumeneko nakonso ndi masamu.

Phokoso lidzakhalapo. Uzani aphunzitsi a chipinda choyandikana nanu musanayambe, kuti asabwere kudzakuthandizani kukhazikitsa bata limene simunalipemphe.

Teremu yoyamba: dzuwa, fumbi ndi mthunzi

Ana a Sitandade 1 amafika mu Seputembala ena asanagwirepo pensulo. Nyengoyi mchenga ndi wouma, ndiye kona yowerengera iyambe ndi thireyi ya mchenga: chivindikiro cha katoni kapena lichero lakale, mchenga wosefa, ndi makadi a malembo a, e, i, o, u. Mwana amatenga khadi, amatchula liwu, amalemba ndi chala, mnzake amafafaniza. Akafika pa maphatikizo, lembani ma, me, mi, mo, mu ndi anzake pa timakatoni ting'onoting'ono, azilumikiza kupanga mawu ngati "mame" ndi "mimba".

Pa kona ya masamu mangani timitengo m'mitolo ya khumikhumi ndi luzi. Udzu wofolera ndi timitengo touma zili ponseponse nthawi imeneyi, ndipo mitoloyo idzakutumikirani chaka chonse pophunzitsa makumi ndi maumodzi.

Ntchito imene ndimaikonda kwambiri m'chilimwe ndi ya mthunzi, ndipo imayenera Sitandade 4 kupita m'tsogolo. Zikani ndodo yowongoka, yotalika mita imodzi, pabwalo pamene mbuzi ndi osewera mpira safikapo. Gulu la tsikulo liyeze mthunzi wake katatu: pofika m'mawa, pa buleki, ndi cha m'ma 11:30, n'kulemba masentimita pa tchati cha pa kona ya chilengedwe. Chakumapeto kwa Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala ana adzabwera akuthamanga kuti mthunzi wasowa, chifukwa masiku amenewo dzuwa la masana limadutsa pamutu penipeni m'madera ambiri a dziko lino. Mu Disembala mthunzi wa masana umaloza kumpoto. Musazule ndodoyo. Mu Febuluwale mthunzi udzafupikanso mpaka kusowa cha m'ma 12 koloko, ndipo pofika Juni udzakhala wautali, utaloza kumwera. Mwana amene wayeza zimenezi ndi dzanja lake savutika mukadzafika pa mutu wa dziko ndi dzuwa.

Pa 15 Okutobala ndi Tsiku la Anakubala. Sabata imeneyo kona ya luso ikhale yopanga makadi opita kwa amayi, koma nenani kuti khadi lingapite kwa aliyense amene amakuphikira nsima, kaya ndi agogo, azakhali kapena achemwali. M'kalasi iliyonse muli ana amene mayi awo anamwalira, ndipo simufuna kuti akhale manja ali m'khosi anzawo akujambula.

Mango ndi masuku akayamba kupsa chakumapeto kwa teremu, musalimbane nawo. Tumani njere zake, zotsuka ndi zouma. Njere za masuku n'zabwino kugawira: njere 24, ana 6, aliyense zingati?

Teremu yachiwiri: mvula

Iyi ndi teremu yovuta. Mitsinje imadzaza, malungo amachuluka, kumudzi chakudya chimachepa makamaka mu Febuluwale, ndipo ana amajomba. Makona amathandiza apa m'njira imene sindinaiyembekezere: mwana amene wasowa masiku anayi amakapeza pa kona yowerengera makadi a sabata imene anaphonya, ndipo anzake a m'gulu amamuonetsa. Choncho m'dzinja musamachotse makadi a sabata yatha msanga. Asiyeni masabata awiri.

Choyezera mvula chipangeni sabata yoyamba. Pezani botolo la pulasitiki losalala m'mbali, lopanda chiuno. Lidulireni pamene layamba kuning'a chakukhosi, mutembenuze chakumtundacho chilowe m'botolomo ngati fanulo. Pansi pa botolo pamakhala mabampu, ndiye ikanimo timiyala, muthire madzi mpaka aphimbe timiyalato, mulembe mzere pamenepo. Mzere umenewo ndiye ziro. Liikeni pamtetete, kutali ndi denga ndi mitengo, mulikwirire pang'ono kuti mphepo isaligwetse. M'mawa uliwonse gulu la tsikulo liyeze ndi rula mamilimita amene ali pamwamba pa mzere, lilembe, litaye madziwo mpaka abwerere pa ziro. Lachisanu awonkhetse za sabata yonse. Akuluakulu a Sitandade 6 ndi 7 ajambule girafu, tchati cha mizere yosonyeza kuchuluka kwa mvulayo. Madzi a pansiwo muziwasintha, asagone m'botolomo masiku ambiri, mungayambe kuweta udzudzu pasukulu.

Pa kona ya chilengedwe dzalani nyemba m'zitini kapena m'mabotolo odula, oboola pansi. Dzalani zinayi: ina pa windo yothiriridwa, ina pa windo yosathiriridwa, ina m'katoni yotseka, ina mumchenga wokhawokha. Ana alosere kaye zimene zichitike, mulembe zolosera zawozo, kenako aziona tsiku ndi tsiku. Ya m'katoni ija imatuluka yaitali, yoonda, yachikasu, ndipo mafunso amene imadzutsa ndi okwanira phunziro lathunthu. Kuti aone mizu, ikani nyemba yonyika usiku pakati pa khoma la botolo loonekera ndi pepala lonyowa. Loweruka ndi Lamlungu zitinizo zikhale m'kati. Zanga zina ndinazisiya pakhonde kuti zilandire mvula, Lolemba ndinapeza mbuzi za pamudzi zitamaliza kafukufuku wathu.

Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Gulu lililonse lidzale mtengo umodzi wokha, liutchingire ndi minga kapena njerwa, liuyeze kutalika kamodzi pa mwezi. Mitengo isanu ndi inayi yokhala ndi eni ake imapulumuka kuposa mitengo 200 yodzalidwa tsiku la mwambo.

Dongo ndi lofewa nthawi ino, ndiye kona ya luso iumbe: ng'ombe, miphika, malembo, manambala. Zoumbazo ziume pamthunzi kuti zisang'aluke. Ngumbi zikatuluka, mubweretse zingapo m'botolo, ana awerenge miyendo isanu ndi umodzi ndi mapiko anayi, ayerekeze ndi kangaude wa miyendo isanu ndi itatu. Ndipo poti ino ndi nyengo ya kolera, pakhomo pakhale chigubu cha mpondagiya ndi sopo kapena phulusa, aliyense wochoka ku dongo ndi ku dothi asambe m'manja asanalandire phala.

Masiku awiri a mbiri ya dziko amagwa m'teremu imeneyi: 15 Januwale, tsiku la John Chilembwe amene anaukira atsamunda mu 1915, ndi 3 Malichi, lokumbukira amene anaphedwa mu 1959 pomenyera ufulu. Chithunzi cha Chilembwe simusowa kochipeza, chili pa K500 ndi pa K2,000. Aonetseni ndalama yeniyeni ili m'dzanja lanu, kenako ajambule zawo za pa shopu. Pa K200 pali Rose Chibambo, ndipo atsikana amakondwa akamva kuti mayi ameneyu anali m'gulu la omenyera ufuluwo.

Teremu yachitatu: masika ndi chisanu

Ino ndiyo nthawi ya shopu. Kumudzi anthu akukolola, mavenda afika ndi masikelo awo, ndipo mwana aliyense akumva za mitengo ya chimanga, soya ndi mtedza kunyumba. Sandutsani kona ya masamu kukhala msika. Mapaketi opanda kanthu a shuga, mchere, sopo ndi machesi muwadzaze mchenga kapena utuchi n'kumata. Mitengo yake ana akafunse okha ku golosale, ndipo muziisintha ikasintha, chifukwa mwana amene amatumidwa tsiku lililonse amaseka mukalemba mtengo wa zaka zitatu zapitazo. Mmodzi akhale wogulitsa, wina wolemba m'kope zimene zagulidwa, otsalawo ogula. Khadi la ntchito linene za kugula ndi ndalama imene ali nayo: "Uli ndi K2,000. Gula zinthu ziwiri. Chenje chako ndi zingati?"

Sikelo ipangeni ndi ndodo, chingwe cha khonje ndi zitini ziwiri zofanana. Mwala woyezera mupange ndi thumba la mchenga limene mwaliyerekeza ndi paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi. Kwa a Sitandade 5 kupita m'tsogolo, apatseni funso limene makolo awo akulimbana nalo: thumba la makilogalamu 50 likagulitsidwa pa mtengo wakuti pa kilogalamu, ndalama yonse ndi zingati? Mwana wodziwa kuwerengera zimenezi amakaima pambali pa agogo ake pa sikelo ya venda.

Mapesi ndi chuma china cha masika. Mkati mwake ndi mofewa, khungu lake limang'ambika n'kukhala timizere tolimba tobayira, ndipo ana amapanga nazo magalimoto, nyumba, magalasi a m'maso ndi mawilo popanda wowaphunzitsa. Inu ingowonjezerani dzina la chimene apangacho: ichi ndi sikweya, ichi ndi thirayango, mbali zake ndi zingati. Khungulo limacheka zala, ndiye a Sitandade 1 apatsidwe zosenda kale.

M'teremu imeneyi a Sitandade 8 amalemba mayeso a MANEB, ndipo m'sukulu zambiri zipinda zimatengedwa, makoma amayeretsedwa. Funsani ahedi msanga ngati chipinda chanu chili m'gulumo, kuti mupachule matchati anu nokha asanang'ambidwe ndi wina wachangu.

Juni ndi Julayi kumazizira, kumapiri chiperoni chimagwa, kunyanja mwera umawomba. Ana amafika atakwinyata, ena opanda juzi, ndipo simenti ya pansi imaluma. Samutsirani kona yowerengera panja pa dzuwa, kuseri kwa khoma lotchinga mphepo. Kumudzi ino ndi nyengo ya nthano, ntchito za kumunda zitachepa, ndiye tumani ana kuti akamvere nthano imodzi kapena ndagi zitatu kwa agogo. Aang'ono adzafotokoze pakamwa, okulirapo alembe. Sankhani zabwino, muzikonze kalembedwe, muzisokere pamodzi ndi ulusi chikuto chake chili katoni. Timabuku timeneti timawerengedwa mpaka kuthetheka, chifukwa pachikuto pali dzina la mnzawo amene akhala naye pa mkeka umodzi. Sabata ya 6 Julayi, kona ya luso ipange mbendera: wakuda kuchokera ku makala, wobiriwira ku masamba osinja a mbatata kapena a nyemba, wofiira ku dothi la katondo.

Kuona ngati akuphunziradi

Tsiku lililonse sankhani kona imodzi, muimepo mphindi ziwiri osalankhula, muli ndi kope la mayina. Ikani kachizindikiro pa dzina la mwana amene wakhoza, ndi ka mtundu wina pa amene akungoonerera. Pakutha pa masabata awiri mudzakhala mutaona aliyense. Mukapeza kuti kona ina ana akuithawa, kapena akumaliza ntchito yake m'mphindi imodzi n'kuyamba kugendana ndi zitsekerero, vuto lili pa khadi. Ntchitoyo yavuta kwambiri kapena yaphweka kwambiri. Sinthani khadilo.

Sabata yotsekera mu Julayi, ana asankhule katundu. Zoola ndi zong'ambika zitayidwe. Makadi, ndalama za pa shopu ndi timabuku ta nthano zilowe m'thumba la pulasitiki, thumbalo mulipachike ku mtanda wa denga ndi waya, lisakhudze khoma, chifukwa tchuthi cha Ogasiti n'chokwanira kuti chiswe chimalize katoni yathunthu. Zitsononkho ndi mapesi ouma musunge thumba limodzi, poti mu Seputembala mudzazifuna ndipo kumudzi zidzakhala zitathera pa moto. Tchati cha mvula ndi cha mthunzi mupatse mphunzitsi amene adzalandire anawo chaka chamawa, adzayerekeze ndi zimene adzayeze okha.